Mayina 26 a pa intaneti: zimene ndagula, zimene ndataya, zimene ndagulitsa ndili ku Salima

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kujambula mapepala pa Kamuzu Road, ndipo nthawi zina ndimakonzera anthu mawebusayiti ang'onoang'ono, makamaka eni malo ogona alendo ku Senga Bay. Zili m'munsizi zachokera m'kope langa la hadikava, momwe ndimalemba tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka pa geni ya mayina a pa intaneti, amene ena amawatcha madomeni, ndiye kuti adiresi imene munthu amatayipa kuti atsegule webusayiti. Mayina enieniwo sindiwatchula. Awiri akadali pamsika ndipo ena ali ndi eni ake atsopano.

9 Epulo 2022: kugula

Mwezi watha bambo wina wa loji anabwera pashopu nkhope itagwa. Webusayiti yawo inali itazima. Mnyamata amene anawakonzera zaka zapitazo analembetsa dzinalo ngati lake, kenako anasamuka n'kusiya kulipira. Dzina litagwa, munthu wina wakunja analitola, ndipo amafuna madola 600 kuti alibweze. Bambowo anali atalilemba dzinalo pachikwangwani cha pamsewu, pamakadi, ngakhale pachitseko cha galimoto. Anadandaula sabata yathunthu, koma analipira.

Usiku umenewo ndinawerenga mpaka bandulo inatha. Ndinapeza kuti alipo anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi, kulembetsa mayina n'kuwasunga mpaka wowafuna atapezeka, ndiponso kuti voice.com linagulitsidwa madola 30 miliyoni mu 2019. Za mamiliyoni sindikuziwerengera. Ndikufuna mayina abwino amene munthu wa bizinesi angawagule mokondwa, osati kumudikira kuti aiwale lake.

Mpamba ndi K100,000 ya chipereganyu. Zida ndi laputopu, bandulo ya mwezi, khadi la Visa ndi kope. Khadi linakana katatu. Kubanki anandifotokozera kuti liyenera kutsegulidwa kaye kuti lizilipira pa intaneti, komanso kuti pali malire a madola amene ndingagwiritse ntchito pamwezi. Ndinasaina fomu, patatha masiku awiri linayamba kugwira.

Ndagula 26. Asanu ndi limodzi ndi a .com, mchira (mbali yakumapeto kwa dzina) wakale uja wa 1985 umene aliyense amaudziwa: atatu okhudza malo ogona a kunyanja, limodzi la mpunga wa kilombero, limodzi la nsomba zouma, limodzi la maulendo a paboti. Onsewa madola 61. Otsala 20 ndi a michira yatsopano, imene inabadwa bungwe la ICANN, loyang'anira mayina a pa intaneti, litatsegula khomo mu 2012 ndipo lero yapitirira 1,200. Ndatenga 8 a .xyz, 5 a .online, 4 a .store ndi 3 a .site, onse pamodzi madola 38 okha, chifukwa anali paselo. Chimene chandilimbitsa mtima pa .xyz n'chakuti Alphabet, kampani imene Google ili pansi pake, inasankha abc.xyz mu 2015.

Onse ndawalembetsa kukampani imodzi yolembetsa mayina, koma la mpunga ndalilembetsa kukampani ina, chifukwa inali ndi kuponi ya makasitomala atsopano. Ndagwiritsa ntchito imelo yanga yakale kuti kuponiyo igwire.

Zonse madola 99. Dola ili pafupifupi K825, ndiye kuphatikiza ya banki ndatulutsa K86,000.

28 Meyi 2022: mtengo wa chaka chachiwiri

Dzulo kwacha yagwa ndi 25 peresenti, dola yafika cha m'ma K1,036. Izi n'zimene zandichititsa kutsegula tsamba limene ndikanayenera kuyamba nalo pa 9 Epulo, la mtengo wolipiranso chaka chikatha.

Dzina la pa intaneti sugula ngati njinga. Lili ngati benchi ya mumsika: ukasiya kudula tikiti, mawa upeza wina atayalapo tomato wake. Ndipo tikiti ya chaka chachiwiri si ya paselo ija. Kumene ndinagulako, .xyz ndi madola 13, .site 29, .online 33, .store 52. Dzina la .store limene ndinalitenga ndi madola awiri likufuna 52 chaka chilichonse. Ndawerengera kawiri pakakyuleta ya pashopu: michira yatsopano yokha ikufuna madola 564, a .com 84, pamodzi 648. M'kwacha ya lero ndi K671,000, pa katundu amene ndinamugula K86,000.

Mtengowu sunabisidwe, unalembedwa m'munsi mwa batani logulira ndi zilembo zing'onozing'ono. Ine maso anali pa nambala yaikulu yofiira.

Ndazimitsa auto-renew, imene imadula yokha ndalama pakhadi chaka chikatha, pa mayina onse, kumakampani onse awiri, kuopa kuti tsiku lina khadi lingadulidwe ndili m'tulo. Ndili ndi miyezi khumi yoti ndigulitse ena kapena ndisankhe otaya.

20 Ogasiti 2022: pamsika

Masiku 60 oyamba dzina latsopano silisamutsidwa kupita kukampani ina, choncho ndinadikira. Misika ikuluikulu ya mayina ndi monga Sedo ndi Afternic. Ndaika onse 26 pa umodzi. Ntchito yake ndi kusintha ma nameserver, amene amalozera kumene dzina likupita, kuti wotsegula dzinalo aziona tsamba lonena kuti likugulitsidwa, ndi kutsimikiza kuti mwini ndine. Ndi ntchito ya masana amodzi, koma yanditengera masiku anayi chifukwa magetsi akumazima maola ambiri chiwonongekere Kapichira mu Januwale, ndipo batire la laputopu silipitirira mphindi 40.

Mitengo ndinaitenga ku makina oyerekeza mtengo wa dzina, amene amanena kuti limodzi la .online ndi la madola 1,300. Kenako ndinayang'ana pa NameBio, pamene amalemba mayina amene anagulitsidwadi ndi mitengo yake. Mndandanda wake ndi .com, .com, .com. A michira yatsopano amene amapita ndi ndalama zooneka ndi a liwu limodzi lalifupi lachingerezi, ndipo otere kawirikawiri oyang'anira mchirawo amawaika kale pa mtengo wapamwamba. Anga ndi a mawu awiri, ena atatu. Ndatsitsa mitengo yonse ndi theka.

3 Okutobala 2022: wogula wa madola 5,000

Imelo yaulemu, Chingerezi chosalala. Akuti ali ndi kasitomala wofuna dzina langa lina la .site, madola 5,000, koma kasitomalayo akufuna kaye satifiketi yotsimikiza mtengo wa dzinalo, yochokera patsamba limene iwo asankha. Satifiketiyo ndi madola 79.

Ndinauza mayi a kunyumba usiku womwewo kuti malata a nyumba apezeka. M'mawa ndinayesa kulipira, khadi linakana chifukwa malire a mwezi anali atatha. Podikira mwezi watsopano ndinakopera chiganizo chimodzi cha imeloyo n'kuchisaka pa intaneti. Chinatuluka liwu ndi liwu m'madandaulo a anthu ambiri. Wogula kulibe, geni yawo ndi satifiketiyo. Ndawayankha kuti ngati akufuna satifiketi alipire okha, ndipo dzina aligule kudzera pamsika pomwe lilipo. Sanayankhenso.

17 Novembala 2022: kalata ya maloya

Limodzi la .store linali ndi dzina la kampani ina ya zovala mkati mwake. Ndinkaganiza kuti ndi nzeru, kuti mwina wogulitsa zovalazo kuno adzalifuna. Yabwera kalata ya masamba atatu yochokera kwa maloya awo, yotchula UDRP, malamulo othetsera mikangano ya mayina a pa intaneti.

Ndakhala masiku awiri ndikuwerenga za malamulo amenewa. Alipo kuyambira 1999, ndipo aliyense wolembetsa dzina la .com kapena la michira yatsopano amawavomera podina batani lija. Milandu yambiri imaweruzidwa kudzera ku WIPO, bungwe la ku Geneva loona za umwini wa zinthu monga zizindikiro za malonda, popanda munthu kukwera ndege. Wodandaula amayenera kusonyeza zinthu zitatu: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti iwe ulibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, ndi kuti unalilembetsa n'kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa. Ine pa zitatu zonsezi ndinalibe poima. Tsamba lonena kuti likugulitsidwa linali umboni wokwanira.

Ndalipereka kwaulere. Ndataya madola awiri okha, koma kalatayo yandichititsa kuyang'ananso otsala 25 limodzi ndi limodzi. Ena onse ndi mawu wamba: malo, zakudya, nyanja.

8 Epulo 2023: kudulira

Chaka chathunthu, palibe lagulidwa. Totsatsa malonda timene timaoneka pamasamba a mayinawa tabweretsa masenti 31.

Ndakhala pansi ndi kope, ndipo dzina lililonse ndalifunsa funso limodzi: ndani weniweni, woti nditha kumupeza ndi kumupatsa moni, amene angalilipire? Pamene sindinathe kulemba anthu atatu m'mbali mwake, ndakhwatcha. Apita 16 a michira yatsopano ndi limodzi la .com, la maulendo a paboti. Ndalipiranso anayi a .com, awiri a .xyz ndi limodzi la .online, madola 115, K124,000 pamodzi ndi ya banki.

24 Meyi 2023: la mpunga lagwa

Lero ndimafuna kuonetsa munthu wina wa ku Lifuwu dzina la mpunga, ndipo silinatseguke. Mtima unagunda. Mu Epulo ndinalipira a kukampani yoyamba okha. La mpunga lili kukampani yachiwiri ija ya kuponi, auto-renew ndinaizimitsa ndekha, ndipo makalata okumbutsa, asanu onse, ndawapeza mu imelo yakale imene sindinaitsegule chiyambire chaka.

Dzina la .com likatha silipita kwa ena tsiku lomwelo. Pali masiku achisomo amene umangolipira mtengo wamba, ndipo kutalika kwake kumasiyana kampani ndi kampani, osapitirira 45. Kenako limalowa mu redemption kwa masiku 30, pamene kuliombola kumakhala ndi chindapusa. Akatha amenewo pamatsala masiku 5 amene palibe angalikhudze, kenako limagwa, ndipo pali makampani amene makompyuta awo amangodikira sekondi imeneyo. Ena amaligulitsa pa okushoni lisanafike n'komwe kumeneko. Langa linali mu redemption. Chindapusa madola 90, chaka china madola 14.

Khadi langa silikanakwanitsa mwezi uno. Ndinaimbira achimwene anga ku Johannesburg.

"Madola 104 pa chinthu chosaoneka ndi maso?" anandifunsa.

"Achimwene, pa onse amene ndili nawo, ili lokha ndi limene ndimalikhulupirira."

Anakhala chete pang'ono. "Chabwino. Ndalamayo ukapereke kwa amayi kumudzi, ikhale ya feteleza."

Analipira ndi khadi lawo, ine ndatumiza K130,000 kwa amayi pa Airtel Money. Kuponi ija inandipulumutsira madola atatu.

Zimene ndakonza lero: imelo imodzi pa zonse, la mpunga ndilisamutsira kukampani yoyamba likangobwerera bwinobwino, auto-renew ndayatsanso pa a .com okha, ndipo masiku otha onse ndawalemba pakhoma la shopu ndi maka, kuchotsera mwezi umodzi.

12 Ogasiti 2023: kugulitsa koyamba, Nkhotakota

Ndasiya kudikira wogula wakunja. Kuyambira Julayi ndakhala ndikuimbira eni malo ogona a m'mbali mwa msewu wa M5, kuchokera ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Pa 14 amene ndinawaimbira, atatu anati ndibwere.

Amene agula ndi mayi wina wachikulire wa loji yaing'ono kumwera kwa boma la Nkhotakota. Tinakhala pakhonde, mwera ukuwomba mpaka mapepala anga ndinawatsindira ndi mwala. Ndinawaonetsa awiri, la .com ndi la .online, ndipo la .online ndinaliika pa theka la mtengo.

"Mwana wanga, Facebook ndili nayo, WhatsApp ndili nayo. Ichi n'cha chiyani?"

Ndinawafunsa kuti alendo akunja amawalembera pati. Anati pa imelo ya mdzukulu wawo, imene ili ndi dzina lake la masewera ndi chaka chake chobadwa, ndipo kampani ina yoyendetsa alendo inawafunsapo ngati imeloyo ndi ya loji yeniyeni. Ndinawalembera papepala momwe imelo ingaonekere ikakhala ndi dzina la .com lija kumapeto. Anaiwerenga kawiri mokweza.

Kenako anachita chinthu chimene sindinachiganizepo. Anaitana mnyamata wa pa risepishoni, n'kumutchulira dzina la .online kuti alitayipe pafoni. Mnyamatayo anatayipa, kenako anafunsa: "Amayi, nanga dot com ndiike pati?" Anamutchulira la .com, analitsegula ulendo umodzi.

"Waona? Ine ndimatchula dzina pafoni, mlendo ali m'galimoto. Sindingamaphunzitse munthu aliyense."

Tinagwirizana K180,000, theka lero, theka mwezi wamawa. Ndinakumbukira bambo a ku Senga Bay aja, choncho ndinaumirira kuti akaunti itsegulidwe m'dzina la mayiwo, ndi imelo yawo ndi nambala yawo, osati ya mdzukulu kapena yanga. Popeza ndi kampani yomweyo, kukankhira dzina kuakaunti ina n'kwaulere ndipo kunatenga mphindi zochepa. Kukanakhala kupita kukampani ina, pakanafunika khodi yosamutsira, masiku angapo odikira ndi kulipira chaka china. Tsiku lotha tinalilemba pakalendala ya pa risepishoni. Ananditsanzika ndi kondowole ndi chambo.

Thiransipoti, mayunitsi ndi chakudya pa maulendo onse atatu: K35,000.

10 Novembala 2023: 44 peresenti

Dzulo Reserve Bank yagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola yachoka pa K1,180 kufika K1,700. Masabata awiri apitawa ndinatenga K36,000 pa ndalama ya ku Nkhotakota n'kulipiriratu zaka ziwiri za dzina la mpunga, madola 29. Lero zikanakhala pafupifupi K50,000. Dzina la .com limalola kulipiriratu mpaka zaka khumi, ndipo ndikanakhala ndi madola ndikanachita choncho pa enanso.

Vuto la geniyi kwa ife ndi limeneli: lendi ndi ya madola, makasitomala ndi a kwacha. Komanso dolayo payokha ikukwera. Verisign, imene imayang'anira .com, inasunga mtengo wa pikulitsa pa madola 7.85 kuyambira 2012 mpaka 2021, koma kuchokera pamenepo yakhala ikukweza chaka ndi chaka, ndipo Sepitembala wapitayu wafika 9.59. Kuyambira lero mitengo yanga ndizilemba m'madola, kwacha tiziwerengera tsiku lolipira.

15 Epulo 2024: nyanja yakwera

Kumapeto kwa Febuluwale madzi anasefukira ku Dwangwa, ndipo nyanja nayo yakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo. Eni loji awiri amene tinali titayamba kukambirana andiuza kuti za mayina ziime kaye, ndalama zikupita ku matumba a mchenga ndi kukonza zipinda. Sindingawaumirize.

Ndalipiranso atatu a .com pa madola 16 lililonse ndi limodzi la .xyz pa 14, K113,000. La .online ndalisiya lipite, ndi .xyz inayo.

Mnzanga wina akundikakamiza za .ai, akuti ndiye kuli ndalama tsopano. Mchira umenewu si wa gulu latsopano lija, ndi wa chilumba cha Anguilla, monga .tv ili ya Tuvalu ndipo .mw ili yathu. Umafuna kulipira zaka ziwiri pakamodzi, madola oposa 140 dzina limodzi. Ndalemba funso langa lija m'kope, ndipo m'mbali mwake sindinapeze munthu ndi mmodzi yemwe woti ndimulembe. Za .mw, ofuna .co.mw kapena .org.mw amene ndakumana nawo ndi mabungwe ndi makampani ofuna dzina lawolawo. Amenewo ndimangowathandiza kulembetsa n'kulandira ya ntchito, sindisunga dzina la mwini.

29 Okutobala 2024: la mpunga lapita

Uthenga unabwera kudzera pamsika pa 2 Okutobala: madola 200. Ine ndinaika 900. Nditakumbukira wa satifiketi uja ndinayamba ndaona ngati uthengawo ulidi mkati mwa akaunti yanga ya pamsika, osati mu imelo mokha. Unalimo. Ndinayankha 700, iwo 300, ine 550, kenako chete masiku asanu. Masiku amenewo ndinkatsegula foni ngakhale pakati pa usiku, ndipo kawiri ndinatsala pang'ono kulemba kuti 300 yomweyo ndavomera. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anati 450, ndinavomera. Wogulayo amagulitsa zakudya za kuno kwathu kwa anthu okhala ku England.

Ndalama inayamba yafika m'manja mwa msika, ine ndinapereka dzina, kenako msika unanditumizira. Komishoni 15 peresenti, kutsala 382.50. Yotumizira kubanki madola 25, kutsala 357.50. Kubanki kuno anafuna kudziwa gwero la ndalamayo, ndipo mawu oti ndagulitsa dzina sanamveke msanga pakauntala. Ndinabwerera kushopu, ndinasindikiza risiti ya msika, umboni woti dzinalo linali langa ndi kalata yaifupi yofotokoza, ndipo zinatheka. Amene mukuyembekeza ndalama yotere, sindikizirani mapepalawa isanafike. Anaisintha pa mtengo wa banki, pafupifupi K1,720, ndipo muakaunti mwalowa K615,000, patatha masabata atatu chigulitsire.

Ndaimbira achimwene kuwauza. Anangoti, "Chija chosaoneka chija?" Ndawatumizira chithunzi cha risiti.

12 Epulo 2025: mmene kope lilili

Mtengo wa pikulitsa wa .com unakweranso mu Sepitembala 2024 kufika madola 10.26, ndipo kumene ndimagulako tsopano ndi 17. Ndalipiranso awiri, la nsomba zouma ndi limodzi la malo ogona, K62,000. La .xyz lomaliza ndalisiya, ndi .com imodzi ya malo ogona imene anthu ake atatu onse anakana.

Pa 26 aja, awiri ndagulitsa, onse a .com. Limodzi ndinabweza kwa eni chizindikiro, 21 ndataya, awiri ndili nawo. Pa 20 a michira yatsopano palibe ndi limodzi lomwe limene munthu weniweni anafunsapo mtengo. Sindikunena kuti michirayo ndi yachabe. Kwa munthu amene akufuna dzina loti agwiritse ntchito yekha, .com yake itatengedwa kale, .africa kapena .store imagwira ntchito chimodzimodzi, bola aone mtengo wa chaka chachiwiri asanadine. Koma kuisunga podikira wogula, ndi lendi ya madola 30 kapena 50 pachaka, ine sindinakwanitse.

Zotuluka zonse K586,000, zolowa K795,000, kusiyana K209,000. Nambala imeneyi ikunamiza pang'ono, chifukwa kwacha imene ndinatulutsa mu 2022 inali yolemera kawiri kuposa imene ndinalandira mu 2024. Ndikawerengera m'madola, phindu silifika 50, ndipo nthawi yanga ndi mabandulo sindinaziikemo. Chikanapanda chindapusa cha redemption ndi madola pafupifupi 110 amene ndinathira pa michira yatsopano, likanakhala pafupifupi madola 250.

Chimene sindinachiyembekeze n'chakuti mayi a ku Nkhotakota aja ananditumizira anzawo awiri ofuna webusayiti ndi imelo, ndipo ntchito ziwirizo zalipira kuposa dzina limene ndinawagulitsa. Ndalama imeneyo ili m'kope la shopu, osati muno.

Loweruka likubwerali ndikupita ku Chipoka kukakumana ndi gulu la amayi ogulitsa usipa wouma, amene ayamba kutumiza katundu ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Ndiwatengera dzina la nsomba lija, mtengo madola 150, ndipo ndalola kale kuti alipire katatu. Tsiku lotha la mayina awiriwa ndi 9 Epulo 2026, pakhoma ndalemba 9 Malichi.